Magazi a Nambala 417

Ku minda ya nzimbe, Awash
10 Novembala 1996

Wokondedwa mkazi wanga Tadelech,

Uli bwanji iwe pamodzi ndi kamwana kathu Tarikwa? Nanga bambo ako a Anshebo ndi amayi akudzuka bwanji? Ine kuno ndili bwino, Mulungu alemekezeke, kupatula kukusowa. Moni kwa inunso a Dubale, alaliki athu, amene mukumuwerengera kalatayi. Ndikupemphani chinthu chimodzi: musalumphe mzere. Ndinamva kuti chaka chatha munadumpha pamene ndinayamikira khosi lake. Zimene ndalemba muziwerenga zonse, manyaziwo akhale anga.

Tinafika bwino ine ndi mnzanga wa kumudzi Handiso, ngakhale basi inatifera pa Shashemene tsiku lathunthu. Tayamba kudula Lolemba. Nzimbe amazitentha kaye, ife n'kulowamo ndi zikwanje phulusa likadali lofunda, ndipo pofika masana munthu umangooneka mano. Dzuwa la kuno silofanana ndi la kwathu kumapiri, limakuluma ngati lili nawe chifukwa. Tikugona amuna asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, mapazi a Handiso ali kumutu kwanga. Ukandimvera chisoni pa chinthu chimodzi, chikhale chimenecho.

Tsopano khala pansi umve. Lachinayi kapitawo anandiitanira pambali.

"Iwe Ersado, wadula nyengo zingati kuno?"

"Zisanu ndi imodzi, bwana."

"Unagonapo m'chipatala?"

"Ayi bwana, chimfine chokha, nachonso ndinadula nacho."

Basi walemba dzina langa pa anthu amene akufuna kuwalemba ntchito yokhazikika. Ukudziwa tanthauzo lake? Nyumba, Tadelech. Chipinda chimodzi ndi khonde, mpopi wa madzi pafupi, sukulu ya mwana. Zoti ndizikuona miyezi inayi yokha pa chaka zitha. Udzabwera kuno iwe ndi Tarikwa, chitseko tizidzatseka tokha. Chatsala n'kukayezedwa thupi kuchipatala cha kampani basi, ndipo pamenepo ndilibe nkhawa.

Handiso atamva anakulunga injera, mkate wathu wopyapyala uja, n'kukhala yaikulu ngati chibakera, n'kunena kuti, "Yasama, bwana mkubwa, ndikudyetse usanayambe kutiiwala." Anandiika m'kamwa yonseyo mpaka misozi. Anzathu anaseka, ena mosakondwa kwenikweni.

Ndatumiza ndalama, mabiri 50, ndi dalaivala wa lole ya mchere. Ugule mankhwala a nkhupakupa a kang'ombe kathu. Mpanda wa kumunsi kwa enseti, nthochi zathu zodya thunthu zija, uutseke, nungu zisatimalizire mitengo. Khofi usagulitse tsopano, dikira mtengo ukwere. Shuga kuno kumene timamudula ndi mabiri anayi pa kilo, ndiye usaseke kuti sindinakutumizire.

Mwamuna wako,
Ersado Lambebo


15 Disembala 1996

Wokondedwa Tadelech,

Kalata yako ndalandira, ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti Tarikwa wamera mano awiri. Ine ndili bwino kwambiri, ndipo tsopano si ine ndekha amene ndikunena zimenezi.

Kunabwera galimoto yoyera kuchokera ku Addis, anthu a kafukufuku. Mkulu wawo ndi dokotala wamkazi, a Yeshimebet, wamfupi koma mawu ake amafika kuseri kwa bwalo. Anatisonkhanitsa pansi pa mtengo pamalo olandirira malipiro. Anati m'magazi a munthu muli asilikali amene amamenyana ndi matenda, ndipo asilikaliwo amawerengeka. Koma mabuku onse amene ali m'zipatala zathu analembedwa poyeza magazi a azungu.

"Mpaka lero," anatero, "palibe amene akudziwa kuti magazi a munthu wa dziko lino wabwinobwino amaoneka bwanji."

"Ndi ofiira, adokotala!" anakuwa wina kumbuyo.

Anaseka nawo, kenaka anati akufuna anthu athanzi okhaokha, odwala ayi, kuti alembe buku lathulathu. Handiso anakana. "Magazi anga ndawapeza movutikira, akagulitse ku Ulaya? Pitani inu olemera." Ine ndinapita. Anandiyang'ana maso, lilime, chifuwa, anandikweza pasikelo. Ambiri anabwezedwa, wina chifuwa, wina malungo. Ine anandilandira. Anatunga timabotolo titatu n'kundipatsa tiyi ndi buledi.

Chodabwitsa n'chakuti dzina salemba. Anandipatsa kakhadi kobiriwira kolembedwa 417. Ndinati, "Adokotala, ine ndine Ersado mwana wa Lambebo." Iwo anati, "Kunja kuno ndinu Ersado. M'mabotolo mwanga ndinu 417. Ndinalumbira kuti dzina la munthu silidzaoneka pa pepala langa lililonse, kuti kampani kapena wina aliyense asadziwe za m'thupi mwanu." Ndinaona kuti ndi ulemu waukulu.

Dzana anandiitanira m'chipinda, anatseka chitseko, n'kundiuza kuti matenda aja amene anthu amaopa kuwatchula ine ndilibe. Ndinkadziwa kale, poti ndikudziwa mmene ndayendera, komabe ndinatuluka ndikumva ngati ndatula mtolo.

Nyumba ndaiona. Ndi nambala 23, mwini wake akupuma ntchito mwezi wamawa. Pali mtengo wa papaya pakhomo. Chitseko chikufunika hinje imodzi, ndagula kale. Ndaonanso podzakumba dzenje lako losungiramo kocho, chakudya chathu chochokera ku enseti, ngakhale enseti kuno sichita bwino, tizidzaitanitsa kwathu. Uyambe kufunsa amene angatisamalire munda. Mchimwene wako ayi, angagulitse ndi mpanda womwe.

Kuchipatala cha kampani ndikupita Khirisimasi yathu ikapita. Ndatumiza mabiri 60 ndi sopo muwiri.

Wako,
Ersado


26 Januwale 1997

Tadelech wanga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndikudzuka, ndikudula, ndikudya. Sabata yatha ndinadula mizere yambiri kuposa aliyense m'gulu lathu, ukhoza kufunsa.

Za nyumba zachedwa pang'ono. Si nkhani yaikulu. Kuchipatala cha kampani kuli a Yilma, othandiza adokotala, amene amapereka mapepala pawindo. Munthu ameneyu sadziwa kunong'ona. Anatenga pepala langa, anatsegula buku lake lalikulu lachikuto chong'ambika, n'kuyendetsa chala.

"Ersado Lambebo! Asilikali ako ndi 3,400. Buku likuti asachepere 4,000."

"Bwana, mazana asanu ndi limodzi okhawo? Otsalawo sangagwire ntchito ya anzawo?"

"Usandiseketse. Mzere ndi mzere. Chitetezo chako n'chotsika. Udzabwerenso pakatha mwezi."

Pamzere kumbuyo kwanga panali anthu ngati makumi awiri, Handiso ali pomwepo chifukwa cha bala la chikwanje. Onse anangoti zii. Sindikudziwa chimene chinawatseka pakamwa, kapena ndikudziwa, koma si zolemba m'kalata.

Tsono ndili pa ntchito yolemba asilikali. Wina wati chiwindi chachiwisi, wina wati batala m'khofi m'mawa uliwonse, wina wati mazira atatu. Ndikuchita zonse. Ndanenepa mpaka lamba wasuntha bowo. N'chifukwa chake ndatumiza mabiri 20 okha, undikhululukire, enawo adya asilikali.

Handiso akubwera kumeneko ku maliro a mayi ake aang'ono, ndiye watenga kalatayi. Umulandire bwino, umuphikire khofi. Koma ukudziwa pakamwa pake akamwa kapu yachitatu. Zimene anganene za kuno umve theka, theka linalo undifunse ine.

Munda usapereke kaye kwa munthu. Enseti zitatu za pafupi ndi khola zakhwima, uitane amayi anzako mupale zisanatulutse maluwa. Tarikwa umupsompsone pachipumi.

Ersado


9 Malichi 1997

Tadelech,

Papita milungu isanu ndi umodzi osamva mawu ako. Dalaivala wa mchere wabwera kawiri chimanjamanja. Ukudwala? Mwana akudwala? Kapena a Dubale cholembera chawathera? Ine ndili bwino, ndipo ndatopa nawo mawu amenewa chifukwa palibe akuwamva.

Ndinapitanso kwa a Yilma. Chiwindi chonse chija, batala yense uja, asilikali akwera ndi zana limodzi lokha. Analemba pa pepala langa kuti wosayenera ntchito yokhazikika, dzina langa, la bambo anga ndi la agogo anga zili pamwamba pake. Nyumba 23 apatsa Handiso. Sindikunena kuti anaifuna. Koma hinje ija ndamupatsa, ine ndilibe chitseko choikapo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ine ndinawerengera wa pachala.

Chimene chikundiwawa si nyumba yokha. Chibwerere kumeneko, Handiso sanandiikeponso chakudya m'kamwa. Timadya mbale imodzi anthu asanu, koma tsopano mbali yanga amaisiyira malire ngati munda wa mlandu. Tsiku lina ndinakulunga injera yabwino, ya nyemba zambiri, n'kumulozetsa pakamwa. Anati, "Ndakhuta, m'bale wanga." Dzanja langa linakhala m'mwamba mpaka ndinadya ndekha. Ndinamufunsa kuti wakanena chiyani kwathu. Anati, "Ine ndinangonena zimene ndinaona ndi kumva pawindo. Apongozi ako anandifunsa, ndikananama?"

Ndiye ndinena poyera, a Dubale muwerenge mokweza: ine ndilibe Edzi.

Ndinapita kwa a dokotala Yeshimebet ndili ndi mkwiyo. Ndinati, "Inu munati ndine wathanzi, uyu akuti ndikufa. Magazi ake ndi omwewo. Wabodza ndani?" Anandikhazika pansi n'kutulutsa pepala lalikulu lodzaza timadontho. Anati kadontho kalikonse ndi munthu wathanzi amene anamuyeza. Anajambula mzere wa m'buku la a Yilma, ndipo timadontho tambiri tinatsala pansi pake. "Onsewa akudula nzimbe, akubereka ana, sadwala. Anthu a kuno asilikali athu amakhala ocheperapo kusiyana ndi a azungu, ndi chibadwa chathu. Inu simukudwala. Bukulo ndi limene si lathu."

Anapita okha kukalankhula ndi a Yilma, ine ndili pakhomo. A Yilma anati, "Adokotala, buku lanulo likadzatuluka ndi chidindo cha boma mudzandibweretsere. Ine ndikalemba munthu n'kudzafa chaka chamawa, adzandifunsa kuti ndinatsata buku liti." Ndinafunsa kuti lidzatuluka liti. Akuti zaka ziwiri, mwina zitatu.

Ndinawagwadira adokotala kuti andilembere kalata ya dzina langa. Anagwira mutu. "Ndikalemba dzina limodzi lero, mawa kampani idzafuna maina onse, ndi a anthu amene ndawapeza nako kachilombo. Amenewo ndinawalonjeza chimene ndinakulonjezani inu." Anandipatsa pepala lachidindo lonena kuti 417 alibe kachilombo ndipo ndi wathanzi. Ndinafuna kuwada, koma ndinalephera.

Pepalalo ndibwera nalo ndekha pa Pasaka. Kapitawo wandipatsa masiku anayi. Undiyankhe, ngakhale mzere umodzi.

Mwamuna wako,
Ersado


4 Meyi 1997

Tadelech,

Ndabwerera bwino kuno. Sindikufunsa ngati uli bwino chifukwa ndinakuona ndi maso anga, ngakhale patali. Wawonda.

Kalatayi ndatumiza kwa bambo ako, poti ndi kumene uli. Palibe amene anandiuza. Ndinafika kunyumba kwathu n'kupeza chitseko chomangidwa ndi chingwe, phulusa lozizira, kang'ombe kulibe. Nungu zalowa pampanda uja.

Sindikudziwa zimene anakuuza za tsiku limenelo, ndiye umve kwa ine. Bambo ako anandikhazika panja, pa mpando wa alendo, akuluakulu atatu ali pambali pawo. Amayi anabweretsa khofi wa mchere ndi batala monga mwa nthawi zonse, koma kapu yanga inali ina, yobenthuka, imene sindinaionepo m'nyumba imeneyo. Nditamwa anaitenga atagwirira tsamba la enseti. Ndadya pakhomo pamenepo zaka zinayi, Tadelech. Amayi ako omwewo anandidyetsa ndi dzanja lawo tsiku la ukwati wathu.

Ndinatulutsa pepala ndi kakhadi kobiriwira. A Dubale anawerenga bwinobwino, sindiwanamizira. Bambo ako anatembenuza pepalalo uku ndi uku.

"Dzina lili pati?"

"Salemba dzina, bambo. Nambalayo ndine."

"Mwana wanga, ine mtsikana wanga ndinamupereka kwa Ersado mwana wa Lambebo. Uyu 417 sindimudziwa. Bambo ake ndani? Agogo ake ndani? Pepala lotere munthu akhoza kulitola pamsewu."

"Ndiye la kampani mwalikhulupirira bwanji, musanalione n'komwe?"

"Handiso analiona. Lili ndi maina atatu."

Ndinafotokoza za timadontho, za buku la azungu. Mmodzi wa akuluakulu aja anaseka n'kunena kuti, "Ndiye buku likudwala, iwe uli bwino?" Ndinati inde, ndi momwemo. Anasekanso onse, koma bambo ako sanaseke. Anati chaka chino aika anyamata atatu a m'mudzi mwathu amene anachokera kutauni, ndipo mkazi wa mmodzi akutsokomola kale. "Sindikudana nawe. Ndili ndi mwana wamkazi mmodzi. Bwera ndi pepala lokhala ndi dzina lako ndi nkhope yako, udzamutenge tsiku lomwelo."

Iwe unali kuseri ukupala enseti, mwendo uli pathabwa, sunatembenuke. Koma dzanja lako linaima nthawi yonse imene ndinkalankhula, ndinaona. Tarikwa akuyenda! Palibe anandilembera zimenezo. Anabwera dzandidzandi mpaka pafupi ndi bondo langa, agogo ake n'kumunyamula. Sindinalire pamenepo. Ndinalirira m'basi, pafupi ndi mayi wina wa nkhuku amene anayesa kuti ndaferedwa.

Ndafufuza. Ku Addis kuli malo amene amayeza anthu opita kukagwira ntchito kwa Aluya. Amaika chithunzi, dzina ndi chidindo. Mtengo wake pamodzi ndi ulendo ndi malipiro a mwezi ndi theka. Kudula kukatha mu Juni sindibwera, nditsala kuno kupala ngalande mpaka zikwane. Ndatumiza mabiri 15 a mwana. Uuze mchimwene wako atseke mpanda uja, enseti sizinalakwe kanthu.

Undidikire.

Ersado


5 Okutobala 1997

Wokondedwa mkazi wanga Tadelech,

Moni kwa iwe, kwa Tarikwa, kwa bambo ndi amayi, ndi kwa akuluakulu onse. Ine ndili bwino. Miyezi itatu ndakhala m'madzi a ngalande mpaka m'chiuno, anzanga awiri agwidwa malungo, ine osatsokomola n'komwe.

Chikondwerero cha Mtanda chandipita ndili kuno, koyamba chibadwire. Ndinkaganiza za ng'ombe imene gulu lathu la kumudzi lapha, kuti gawo langa watenga ndani. Ndinagula nyama ya mabiri awiri n'kudya ndekha kuseri kwa chipinda.

Koma pepala ndalipeza. Lili m'kati mwa kalatayi, ndalikulunga m'pulasitiki kuti lisanyowe. Wailesi ndagulitsa, jekete lija la ukwati ndagulitsanso, usadandaule. Ku Addis ndinaima pamzere masiku awiri pakati pa atsikana opita kwa Aluya. Taona chithunzicho, ndine amene, ngakhale wojambula anandiuza kuti ndisaseke. Dzina langa lilipo, la bambo anga, la agogo anga. Chidindo chilipo. Lalembedwa m'Chingerezi, koma a Dubale anaphunzira kusukulu ya Baibulo, atha. Mzere wapamwamba ukunena kuti ndilibe kachilombo.

Pansi pake pali manambala ena. Imodzi aizunguliza ndi inki yofiira. Ndi nkhani yomwe ija ya asilikali, chifukwa nawonso ku Addis buku lawo ndi lomwe lija. Ndinapempha mlembi kuti asazungulize. Anati, "Chilichonse chotsika mzere timazunguliza, ndi lamulo. Ukudandaula chiyani, wapamwambawu ndiye wofunika." Ndinaganiza zodula pepalalo ndi lezala, koma chidindo chili pansi penipeni pa nambalayo.

A Dubale, ndinakuuzani kuti musalumphe mzere, ndipo sindibweza mawu anga. Ndingopempha kuti muyambe ndi wapamwamba, muuwerenge kawiri, pang'onopang'ono. Mukafika pofiirapo mukumbukire zimene ndinanena za timadontho.

Tadelech, nyumba 23 inapita, koma yathu ilipo. Ndikamva yankho ndibwera tsiku lomwelo, ngakhale kudula kutayamba. Tidzakhala monga tinkakhalira, miyezi inayi pa chaka. Kale ndinkaiona yochepa.

Mwamuna wako,
Ersado Lambebo


22 Febuluwale 1998

Kwa mayi ake a Tarikwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumene muliko, inu ndi mwana. Ine ndili bwino. Sindikudziwa amene akuwerengereni kalatayi, kapena ngati ifike n'komwe. Ndaipereka kwa dalaivala wa mchere, akuti sitolo ya nsalu ya ku Durame, kumene mukukhala tsopano, akuidziwa.

Yankho ndinalidikira miyezi inayi. Amene anandiuza ndi Handiso, ataima pakhomo osalowa. Akuti a Dubale anachita monga ndinapemphera. Anawerenga wapamwamba kawiri. Bambo anu anatenga pepala, anayang'ana chithunzi nthawi yaitali, n'kunena kuti ndi iyeyu. Kenaka chala chawo chinatsika. "Nanga apa pofiira akuti chiyani?" A Dubale akuti anawerenga. Bambo anu sadziwa kuwerenga, koma inki yofiira aliyense amaidziwa. Anati, "Mapepala awiri a dzina lake anena chimodzimodzi." Za ukwati wanu watsopano wa mu Januwale wandiuzanso.

A Dubale sindiwaimba mlandu, ndinawalamula ndine. Bambo anunso ayi, anaopa kuika mwana wawo m'manda. Masiku ena ndimafuna munthu woti ndimude ndi mtima wonse, ndimayamba ndi a Yilma, ndimapita kwa Handiso, ndimathera pa buku limene sindinalionepo m'kati. Munthu ungamenyane bwanji ndi buku? Inu sindikufunsani kanthu. Ndinaona dzanja lanu litaima tsiku lija, zimenezo zandikwanira. Madzi akatayika saoleka.

Kang'ombe kaja ndi ka Tarikwa, pamodzi ndi ana ake onse amene kadzabereke. Mchimwene wanu asakagulitse. Munda ndauza amalume anga alime. Enseti zimene zatsala mukapale inu ngati amuna anu angalole, munazibzala ndinu. Ndaika mabiri 40 a nsapato za mwana, ndipo ndizitumiza nyengo iliyonse ngati sizikubweretserani mawu pakhomo. Zikakhala zovuta mungouza dalaivala, ndidzamva.

Kuno ndikudula nyengo yachisanu ndi chitatu. Ndimadya ndekha, ndazolowera. Papaya wa panyumba 23 wabereka. Handiso anandisiyira mmodzi pakhomo m'mawa wina, osagogoda. Ndinamudya, anali wokoma.

Sabata yatha a dokotala Yeshimebet anabwera kudzatsanzika, ntchito yotunga magazi yatha, akukalemba buku. Anandizindikira pakati pa anthu. Anafunsa za kwathu, ndinawauza. Anavula magalasi. Kenaka anatulutsa pepala la timadontho lija, tsopano ladzaza, ndipo ajambulapo mzere watsopano, wathu, pansi pa wakale uja. Anandilozera kadontho kamodzi. "Uyu ndinu. Muli m'kati." Ndinayang'anitsitsa. Kadontho ngati chitosi cha ntchentche, kopanda dzina, kali phee pakati pa anzake. Anati bukulo likadzatuluka, aliyense woyezedwa magazi m'dziko muno azidzamuyerekeza ndi timadontho timeneti kuti adziwe ngati ali bwino. Anati ndinyadire. Ndinati zikomo, adokotala, poti ndikanati chiyani.

Kakhadi kobiriwira ndakaika m'kalatamu. Ine ndilibe nako ntchito. Mukasunge pamene mumasunga zinthu za mwana.

Ndikudziwa kuti kumeneko amuuza kuti bambo ake anali wodwala, mwina amuuza kuti anafa. Musakangane nawo. Koma Tarikwa ali ndi magazi anga, asilikali akenso mwina ndi ochepa. Tsiku lina akadzakula adzapita kuchipatala, mwina ali ndi pakati, mwina akufuna ntchito. Adzamutunga magazi, adzatsegula buku latsopano, adzayendetsa chala, n'kumuuza kuti ali bwinobwino. Tsiku limenelo mudzamupatse kakhadiko. Mudzamuuze kuti munthu wathanzi amene amuyerekeza naye m'bukumo ndi bambo ake.

Ndine,
Ersado mwana wa Lambebo